Kubweza ngongole za pakhomo popanda kupha geni kapena kutaya banja

Ngongole zambiri zimene zimasowetsa tulo ochita malonda ang'onoang'ono zimakhala za pakhomo. Lendi inatsalira miyezi iwiri, mwana anadwala usiku n'kufunika galimoto ya hayala, kumudzi kunagwa maliro, kapena feteleza anafunika mvula itayamba kale. Ndalamayo inalowa m'nyumba n'kuthera momwemo osabala kanthu, koma yobweza iyenera kuchokera pabenchi la tomato, pabelo la kaunjika kapena m'dengu la usipa. Ngongole ya mpamba imatha kudzibweza yokha katundu akayenda bwino. Ya pakhomo imadya phindu la mawa, ndipo phindulo likaperewera imayamba kudya mpamba weniweniwo.

Wamalonda akapanikizika chonchi, nzeru yoyamba kumufikira imakhala yowonjezera maola: kulawira 4 koloko m'mawa, kuweruka mdima utagwa, kusiya kupuma Lamulungu, kuuza mwana wamkulu kuti ajombe kusukulu adzadikirire benchi. Kwa sabata ziwiri kapena zitatu zimaoneka ngati zikuthandiza. Kupitirira apo thupi limayamba kukana, pakhomo pamasokonekera, koma ngongole ija imapezeka ili pomwepo. Chimene chimaikulitsa nthawi zambiri ndi chiwongoladzanja, ndipo chiwongoladzanja sichiwerenga kuti munthu wakhala maola angati pamsika.

Choncho ntchito yoyamba ndi ya kope ndi cholembera. Ngongole zonse zilembedwe patsamba limodzi: mwini wake, ndalama yotsala, chiwongoladzanja cha pamwezi, tsiku lobweza, ndi chimene chinaikidwa chikole. Ambiri amazengereza kuchita izi poopa kuona chiwerengero chonse pamodzi, ndipo mantha amenewo ndi omveka. Komabe ngongole yongosunga m'mutu imanamiza. Imene mwini wake amalongolola kwambiri ndiyo imaoneka yaikulu, pamene yodula kwenikweni ikukula mwakachetechete.

Mwachitsanzo, mayi wogulitsa zamasamba atha kukhala ndi ngongole zinayi. Kwa wakatapila kuli K60 000 imene imabala K50 pa K100 iliyonse pamwezi. Kubanki m'khonde kuli K150 000 imene imabala K20 pa K100 iliyonse. Kugolosale yapafupi kuli K25 000 ya shuga, sopo ndi mafuta ophikira, yopanda chiwongoladzanja. Kwa mchimwene wake kuli K80 000, yopandanso chiwongoladzanja. Zonse pamodzi ndi K315 000. Poziona mwachangu, ya banki m'khonde ndiyo yoopsa chifukwa ndi yaikulu. Koma powerengetsera, K60 000 ya katapila ikubala K30 000 pamwezi, chimodzimodzi ndi K150 000 ya banki m'khonde. Kangongole kakang'onoko kakudya mofanana ndi kakakulu, ndipo pali kusiyana kwina: chiwongoladzanja cha banki m'khonde chimalowa m'thumba la gulu, mbali ina n'kudzabwerera kwa mayiyo pogawana, pamene cha katapila chapita chapita.

Mayiyo akamapatula K3 000 tsiku lililonse kwa masiku 26 ogulitsa, pamwezi akupeza K78 000 yobwezera ngongole. Pa ndalamayi K60 000 ikuthera chiwongoladzanja chokhachokha, ndipo yochepetsa ngongole yeniyeni ndi K18 000 basi. N'chifukwa chake anthu amadandaula kuti akubweza mwezi ndi mwezi koma sakuona kusintha. Munthu amene amangopereka chiwongoladzanja cha K30 000 kwa wakatapila, pakatha miyezi inayi wapereka K120 000, kuwirikiza kawiri ndalama imene anatenga, koma K60 000 ija idakalipo yonse.

Ngongole yoyamba kuphedwa iyenera kukhala ya katapila, ngakhale kutanthauze kugulitsa chinthu chimene chikungokhala pakhomo, monga foni yachiwiri, wailesi kapena mbuzi imodzi. Chosayenera kugulitsidwa ndi chida chopezera ndalama: sikelo, njinga yonyamulira katundu, makina osokera, chiwaya cha tchipisi. Wogulitsa zimenezi wabweza ngongole ya lero n'kutseka njira yobwezera zotsalazo.

Kubwereka pofuna kubweza ngongole ina ndi khalidwe limene lagwetsa ambiri, koma pali mtundu umodzi wokha umene uli ndi nzeru, ndiwo kusamutsa ngongole kuchoka kodula kupita kotsika mtengo. Mayi uja akatenga K60 000 kubanki m'khonde n'kukatseka katapila tsiku lomwelo, chiwongoladzanja cha ndalamayo chimatsika kuchoka pa K30 000 kufika pa K12 000. Ngongole ya kugulu imakhala K210 000, yobala K42 000 mwezi woyamba, ndipo pa K78 000 ija patsala K36 000 yochepetsera ngongole, kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi kale. Mwezi wotsatira chiwongoladzanja chimatsika kufika pa K34 800, kenako K26 160, kenako K15 792, ndipo m'mwezi wachisanu ngongole ya kugulu imatha. Izi zimatheka pokhapokha malamulo a gululo akulola kubweza pang'onopang'ono chotere, chifukwa magulu ambiri amafuna ngongole ibwezedwe pasanathe miyezi itatu, komanso salola munthu kubwereka ndalama yopitirira katatu masheya ake. Chachikulu china n'chakuti ndalamayo isagone m'nyumba. Ikangogona usiku umodzi imapezerapo ntchito ina, ndipo mawa lake ngongole zimakhala ziwiri.

Njira ya banki m'khonde inayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger mu 1991, ndipo cholinga chake chinali kusunga ndalama, ngongole n'kumabwera pambuyo. Vuto lafala masiku ano ndi la munthu mmodzi kulowa magulu atatu kapena anayi, n'kumatenga Lachiwiri kuti akabweze Lachinayi, kutenga Lachinayi kuti akabweze Loweruka. Gulu lililonse limamuona ngati membala wokhulupirika mpaka mwezi wogawana utafika, pamene magulu onse amafuna ndalama zawo nthawi imodzi. Katundu wa m'nyumba amene amanyamulidwa chakumapeto kwa chaka, matiresi, mipando, ngakhale malata, nthawi zambiri amachokera m'nyumba za anthu otere.

Amene akuganiza zosamutsira ngongole ku SACCO kapena kubungwe lobwereketsa ndalama ayenera kufunsa funso limodzi asanasaine: kodi chiwongoladzanja chikuwerengedwa pa ndalama yonse imene inatengedwa poyamba, kapena pa yotsala? Kusiyana kwake si kochepa. Ngongole ya K300 000 yobweza miyezi isanu ndi umodzi pa K5 pa K100 iliyonse, ikawerengedwa pa ndalama yoyamba imabala K15 000 mwezi uliwonse, zonse pamodzi K90 000. Ikawerengedwa pa yotsala, munthu akubweza K50 000 pamwezi, imabala K15 000, kenako K12 500, K10 000, mpaka K2 500 mwezi womaliza, zonse pamodzi K52 500. Onse awiri anganene kuti amadula K5 pa K100, koma wina akutenga K37 500 yoposa mnzake. Palinso ndalama zodulidwa poyamba, za mafomu ndi inshulansi, zimene zimachititsa kuti wobwereka K300 000 alandire yoperewera koma adzabweze yonse. Wobwereka ali ndi ufulu wouzidwa chiwerengero chimodzi chomveka: atenga zingati m'manja, ndipo adzabweza zingati pamapeto.

Ngongole za kugolosale ndi kwa mchimwene sizibala, choncho zitha kudikira, koma kudikira kwake kukhale kopangana. Mwini golosale amene akupatsidwa K2 000 Loweruka lililonse amakhala chete, pamene amene akuzembedwa njira amayamba kulankhula, ndipo mawu ake amafika msanga kwa opikulitsa katundu. Sikuti eni mashopu amalemba pakhoma kuti ngongole imadanitsa pongofuna kukongoletsa. Kwa wachibale nakonso, kunena tsiku ndi kulisunga, ngakhale ndalama ikhale yochepa, ndiko kumasunga khomo lotsegula pa tsiku la vuto lina.

Tsono K3 000 ya patsiku ija iyenera kuchokera paphindu lenileni, ndipo apa ndi pamene ambiri amadzinamiza. Phindu liwerengedwe poyerekeza ndi mtengo wokapikulira katundu wotsatira, osati umene anapikulira wapitayo. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi K25 pa K100 mu May 2022, n'kutsitsidwanso ndi K44 pa K100 mu November 2023, amalonda ambiri anagulitsa katundu wakale akuona ngati apindula, koma atapita kokaoda anapeza kuti ndalama yonse, phindu ndi mpamba womwe, sikukwana katoni kapena belo lomwe lija. Ngakhale popanda kugwa kwa Kwacha, mtengo wa tomato ku Lizulu kapena mbatata ku Tsangano umasintha ndi nyengo. Choncho madzulo aliwonse ndalama yoyamba kuchotsa ndi yokwanira kuoda katundu wa mawa pamtengo wa lero, pamodzi ndi thiransipoti ndi tikiti ya msika. Yotsalayo ndiyo igawidwe: ya ndiwo ndi ufa, ya ngongole, ndi kangachepe ka zadzidzidzi. Kangachepeka, ngakhale K500 patsiku, kamaoneka kopanda ntchito munthu ali ndi ngongole, koma pakapanda iko malungo amodzi a mwana amabwezera banja lonse kwa wakatapila.

Ndalama ya ngongole isasakanizidwe ndi ya m'chikwama cha tchenji. Ena amaiika pa Airtel Money kapena TNM Mpamba tsiku ndi tsiku, ena amaipereka kwa wolemba mabuku wa gulu sabata iliyonse. Woika pafoni akumbukire kuti kutapa kuli ndi mtengo wake, motero ndi bwino kutapa kamodzi tsiku lobweza kusiyana ndi kutapatapa.

Wamalonda naye amakhala ndi anthu amene anamukongola. M'makope ambiri muli maina a makasitomala amene anatenga katundu kuti adzalipira kumapeto kwa mwezi, miyezi itatu yapitayo. N'zosamveka kulipira chiwongoladzanja cha K50 pa K100 kwa wakatapila pamene K40 000 ya munthuwe ili m'manja mwa anthu ena popanda kubala kanthu. Masiku olandira malipiro ndi oyenera kuyendera anthu amenewa, ndipo kufikira ngongole za pakhomo zitatha, kukongoza kuchepetsedwe.

Nkhani yovuta kuposa masamu ndi ya m'nyumba. Ngongole zambiri zimatengedwa mobisa: mayi sanauze bambo za gulu lachiwiri, bambo sanauze mayi kuti khadi la kubanki lili kwa wakatapila. Chobisikacho chimadzaululika tsiku limene okongoza afika pakhomo, ana ndi anansi akuona, ndipo pamenepo mkangano sukhalanso wa ndalama. Kuulula kumawawa tsiku limodzi, koma pambuyo pake anthu awiri amatha kugwirizana kuti nyama idyedwa kangati pamwezi, kuti nsalu ya yunifolomu ya ukwati wa msuweni sigulidwa, ndi kuti ndani akalankhule ndi mwini nyumba. Kumene kuulula kungabutse nkhanza, ndi bwino kuchitira pamaso pa ankhoswe kapena mkulu wa mpingo. Ana okulirapo nawonso akhoza kuuzidwa mwachidule kuti kwa miyezi isanu zinthu zina zidikira kaye. Mwana amene wauzidwa chifukwa ndi nthawi yake amapirira bwino kuposa amene akungokalipiridwa akapempha.

Zokambirana za ngongole zikhale ndi tsiku lake, mwina Lamulungu madzulo, theka la ola, kope lili patebulo. M'nyumba mmene nkhani ya ngongole imayamba m'mawa pa tiyi, kupitirira pa nsima, mpaka pogona, anthu amatopa nayo n'kuyamba kuzembana, bambo kuchedwa ku bawo, ana kukadya kwa anzawo. Ngongole sichepa chifukwa yakambidwa kasanu patsiku.

Abale akumudzi ndi zochitika za m'dera ndi mbali ina imene wamalonda sangaithawe. Munthu wa geni amaoneka kuti ali ndi ndalama chifukwa tsiku lililonse amagwira makwacha, ndipo si onse amene amamvetsa kuti zambiri mwa ndalamazo ndi za katundu. Pa maliro palibe kuchitira mwina, koma chipepeso si ndalama yokha: kuphika, kutunga madzi, kugona pasiwa, zonsezi zimawerengedwa ndipo zimakumbukiridwa. Magulu ambiri a banki m'khonde alinso ndi thumba la zadzidzidzi lopangidwira zoterezi, ndipo ndilo loyenera kufunsidwa poyamba. Pa zinkhoswe, maukwati ndi perekaniperekani pamakhala mpata wosankha. Banja likagwirizana ndalama ya pamwezi ya zoterezi, ikatha yatha, ndipo yankho loti mwezi uno zavuta limatuluka pakamwa pa onse awiri mofanana.

Kunena za maola, msika suyenda mofanana tsiku lonse. Kwa ogulitsa ndiwo ndi zakudya, anthu amagula kwambiri m'mawa ndi madzulo poweruka kuntchito, ndipo masana pamakhala maola amene wogulitsa amangoingitsa ntchentche. Kwa ogulitsa zovala, Loweruka limodzi la kumapeto kwa mwezi litha kuposa masiku angapo a pakati pa mwezi. Aliyense akhoza kudziwa za benchi lake polemba kwa sabata ziwiri ndalama imene yalowa m'mawa, masana ndi madzulo. Zikapezeka kuti maola atatu a masana akubweretsa K1 000 yokha, ndiye kuti maola amenewo ndi otsika mtengo, ndipo ndi amene angaperekedwe ku zina: kukaona kope la mwana kusukulu, kupita kusikelo, kuchapa, kapena kungogona pang'ono. Oyandikana mabenchi amatha kusiyirana, lero uyu adikirira awiri, mawa winayo. Zimayenda bwino pakati pa anthu ogulitsa zinthu zosiyana, chifukwa wa anyezi alibe chifukwa chokopera makasitomala a mnzake wa nsomba.

Tsiku lopuma nalo lisankhidwe ndi kope lomwelo. Wamalonda alibe tchuthi cholipidwa, ndipo akagona m'chipatala sabata imodzi amataya phindu la masiku asanu ndi limodzi, katundu wowola, ndi makasitomala amene azolowera kwina. Poyerekeza ndi zimenezi, kutseka tsiku limodzi lofooka pasabata, kapena theka lake, n'kotchipa. Kusagona mokwanira kumaonekeranso pabenchi: kubweza tchenji mopitirira, kupsa mtima ndi wogula amene akunenerera, kuoda katundu woipa chifukwa chofulumira. Kwaya, Mvano, mpira wa pabwalo la m'dera kapena kucheza kwa mnzako sizifuna ndalama zambiri, ndipo ndi kumene anthu amamva za ganyu, za wopikulitsa wotchipa, kapena za gulu lachilungamo. Kupuma kumene kuyenera kuimitsidwa kaye ndi kumene kumadya ndalama ya ngongole, makamaka mowa wa pangongole ndi kubetcha mpira pafoni. Kubetcha kumakopa kwambiri munthu wa ngongole chifukwa kumalonjeza kutseka zonse tsiku limodzi, koma K1 000 ya tsiku ndi tsiku ndi K30 000 pamwezi, ndalama yofanana ndendende ndi chiwongoladzanja cha wakatapila uja.

Mwana kuthandiza pabenchi Loweruka kapena akaweruka ndi chinthu chozolowereka, ndipo ambiri anaphunzira malonda motero. Kumujombetsa sukulu ndi nkhani ina. Maphunziro a pulayimale m'sukulu za boma ndi aulere kuyambira 1994, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 limati ndi okakamiza. Kupatula za lamulo, ngongole ya miyezi isanu imatha, koma mwana amene wabwereza kalasi wataya chaka chathunthu, ndipo mtsikana amene wazolowera kuyenda ndi beseni la mandasi usiku m'malo omwera mowa ali pangozi imene K3 000 singalipire.

Ndondomeko yobweza iyeneranso kuyang'ana kalendala. Miyezi ya January ndi February ndi yowawa: chimanga chimakwera mtengo, sukulu zimatsegulira teremu yachiwiri, ndalama zinathera feteleza ndi Khirisimasi, ndipo ogula amachepa. Kuyambira April, pamene anthu akukolola ndipo misika ya fodya yatsegulidwa, ndalama zimayamba kuyenda. Wolonjeza kubweza ndalama yofanana miyezi yonse amadzapezeka wabodza mu February popanda kufuna. Ndi bwino kupangana ndi wokongoza kuti miyezi yokolola kubwezedwe zochuluka ndipo ya njala zochepa. Ndalama yogawana kubanki m'khonde, imene magulu ambiri amagawana chakumapeto kwa chaka, ilembedwe ntchito yake isanafike m'manja, chifukwa ikafika ilibe ntchito imathera zovala za chikondwerero, January n'kuyambanso ndi ngongole yatsopano.

Munthu akaona kuti tsiku lobweza lifika alibe ndalama yokwanira, apite yekha kwa wokongoza tsikulo lisanakwane, atatenga imene ali nayo. Kuthimitsa foni ndi kusamuka benchi kumangowonjezera chindapusa ndi mkwiyo. Mabanki, ma SACCO ndi mabungwe obwereketsa ndalama ovomerezeka amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo wochitiridwa zosayenera akhoza kukadandaula kumeneko. Mbiri ya wosabweza imathanso kulembedwa kumabungwe osunga mbiri ya okongola, zimene zimadzavutitsa pofuna ngongole ya mpamba mtsogolo. Wakatapila alibe womuyang'anira wotere, n'chifukwa chake pangano lililonse ndi iye, makamaka loimitsa chiwongoladzanja kapena lobweza m'zigawo, lichitike pamaso pa mboni monga wapampando wa msika kapena mfumu, ndipo lilembedwe. Nkhani ikafika kukhoti, lamulo la Loans Recovery Act limapatsa khoti mphamvu yowunikanso pangano limene chiwongoladzanja chake chapyola muyeso, koma wopita kumeneko afunika umboni wa zimene anatenga ndi zimene wabweza kale.

Pa chifukwa chimenechi ndalama iliyonse yobwezedwa ilembedwe m'kope, wolandira asaine, kapena itumizidwe pafoni kuti uthenga wotsimikizira usungidwe. Tsiku lomaliza kubweza, wokongoza alembe kuti ngongole yatha, atchule tsiku ndi ndalama, ndipo chikole chibwezedwe pomwepo, kaya ndi khadi la kubanki, chiphaso cha unzika kapena mapepala a malo. Khadi likabwerera, nambala yake yachinsinsi isinthidwe tsiku lomwelo.